Mlamu wanga ndi Shin Akuma andithamangitsira makasitomala

Azakhali,

Tulo tandithawa, nchifukwa chake ndikukulemberani usiku uno. Ndili ndi kanyumba ka magemu kuno ku Ulongue, ku Angónia m'dziko la Mozambique: TV imodzi, PlayStation 2 ndi mapadi awiri. Masana amakhalapo ndi mlamu wanga, mlongo wake wa mayi akunyumba. Ine ndine mkamwini pano, ndipo ndalama zogulira makinawa zinachokera kuchikazi. Zimenezo tisalowemo kwambiri.

Chatidanitsa ndi gemu ya Capcom vs. SNK 2, ija ya 2001 yophatikiza anthu a mu Street Fighter ndi a mu King of Fighters. Lamulo la pamalo panga nlakuti wogonja amalipira 5 meticais nkudzukapo, wopambana amakhalabe pampando. Mugemumo aliyense amapatsidwa mapointi 4 oti agawire omenya ake, osapitirira atatu: kaya 2-1-1, kaya 2-2, kaya 3-1, kaya onse 4 pa munthu mmodzi. Ana anazizolowera ndipo zinkayenda bwino. Koma muli mabosi awiri obisika, Shin Akuma ndi Ultimate Rugal. Amenewa anawapangira kompyuta kuti izizunza nawo munthu kumapeto kwa gemu, moti pamakina a arcade sasankhika nkomwe. Pa PS2 ukawagonjetsa amatseguka nkusungika pa memory card. Mlamu anawatsegula osandifunsa.

Shin Akuma akadumpha amaponya mipira iwiri ya moto nthawi imodzi, yotsetsereka pansi. Ukati umuyandikire amazimirira nkutulukira kumbuyo kwako. Mita yake ikadzaza amakugwira ndi Shun Goku Satsu, imene siitchingika, koma ungapulumuke podumpha. Mwana wa zaka 10 angadumphe nthawi yake? Mlamu amamuika pa 4 nkukhala pampando tsiku lonse, ana akungosinthana kulipira.

Iye amati ndikungodandaula, bosiyo ali ndi magazi ochepa, ukamupeza ndi nkhonya zamphamvu zingapo wagwa. Ndikudziwa, nzoona. Amatinso anawo aphunzire K-Groove kapena P-Groove, masitayelo omenyera amene ali ndi njira zake zotchingira. Pa K uyenera kudina chakumbuyo motowo ukangotsala pang'ono kukukhudza, pa P umadina chakutsogolo. Ukachedwa pang'ono, wapsa. Tsono padi yachiwiri labala ya pansi pa mabatani oyendetsera inang'ambika, chakumbuyo chimagwira mwa apo ndi apo, ndipo iye nthawi zonse amatenga padi yabwinoyo. Chilungamo chili pati pamenepo?

Ana ambiri asamukira kwa mnzathu wina kufupi ndi msika. Mayi wina anabwera kudzalalata kuti mwana wake wathera pano ndalama za kuchigayo. Ankaloza ine chala, mlamu ali phee mkati.

Ndinafufuta zonse pa memory card. Iye anachezera usiku nkuwatsegulanso, mayunitsi a magetsi a Credelec amene ndinagula ine nkuthera pomwepo. Nditamuuza kuti tiyesane, ine Terry Bogard ndi Chun-Li, iye bosi wakeyo, anandikwapula ana akuonerera, kenako amvekere, "Alamu, dzukanipo, apa mpa odziwa." Mwana amene ndinamugulira nsapato za kusukulu! Ndipo padi yoonongeka ija inali kwa ine, palibe amene akuitchula.

Nditawadandaulira mayi akunyumba anangoseka, ati chikundiwawa si makasitomala koma kugonja. Mwina pang'ono, koma ndalama zatsikadi, ndipo apongozi akudikira zawo mwezi ukatha. Mawu aja akuti "apa mpa odziwa" ndi amene akundikwiyitsa mpaka pano, poti gemuyi ndinamuphunzitsa ndine.

Ndichite chiyani, Azakhali? Ndikachotsa memory card mabosi sasungika, koma makina akakhala oyaka akhoza kuwatsegulanso tsiku lomwelo. Ndikaika lamulo loletsa mabosi pakhoma, adzalilemekeza munthu amene amati makinawa ndi a kwawo? Ndimuchotse pamalopo, ine mkamwini? Nkhani ya zidole za pa TV ndingapite nayo bwanji kwa ankhoswe osasekedwa? Nanga mayi akunyumba ndiwauze bwanji kuti kuseka kwawo kuja kunandipweteka kuposa mawu a mlongo wawo?

Mkamwini wothedwa nzeru,
Ulongue