Asanatsegulenso migodi ya Shabanie ndi Gaths, ayambe ayeza mapapo a anthu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe imangobwerabwera kuno ku Zimbabwe, yoti migodi ya asibesito ya Shabanie ku Zvishavane ndi Gaths ku Mashava iyambenso kugwira ntchito. Asibesito ndi mwala wokhala ngati ulusi umene amausakaniza ndi simenti popanga malata. Pakati pa anthu amene ankalowa pansi m'migodiyi panali matchona ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, choncho nkhaniyi ndi yathu.

Boma linatenga migodiyi m'manja mwa mwini wake, a Mutumwa Mawere, mu 2004. Patangopita zaka zochepa ntchito inaima, madzi anadzaza pansi, ogwira ntchito n'kutsala akudikira malipiro awo. Tsono munthu akamva zotsegulanso n'kusangalala, sindimudzudzula. Njala ilibe manyazi.

Koma tigulitsa kwa ndani? Msika wagwidwa ndi Russia, Kazakhstan, China ndi Brazil, ndipo ogula akuluakulu otsala ndi monga India ndi Indonesia. South Africa inaletsa asibesito mu 2008, Canada mu 2018, America inalengeza zoletsa mu 2024. Tauni ya ku Quebec, ku Canada, yomwe inkatchedwa Asbestos inafika posintha dzina mu 2020, pano ndi Val-des-Sources.

Akuluakulu amakonda kunena kuti asibesito wathuyu ndi woyera, chrysotile, ndipo akasakanizidwa ndi simenti savulaza. Mwina lata likakhala phee padenga. Nanga mmisiri uja wolidula ndi girayinda, fumbi lili mbuu m'tsitsi ndi m'mphuno, alibe ngakhale kansalu kotseka pakamwa? Nanga mayi wokutumula ovololo ya mwamuna wake asanaichape? Bungwe la WHO limanena poyera kuti mitundu yonse ya asibesito, woyera yemwe, imayambitsa khansa. Choipa n'chakuti matendawa amabisala zaka 20, 30, ngakhale 40. Akamayamba kutsokomola ndi kubanika, munthu amakhala atapuma ntchito kalekale, achibale n'kumangoti ndi TB kapena ukalamba.

Chimandiwawa n'chakuti Zimbabwe yakhala ikugwirizana ndi Russia, Kazakhstan ndi India kukana kuti chrysotile ilembedwe pa mndandanda wa pangano la Rotterdam, lomwe maiko anagwirizana pa malonda a mankhwala oopsa. Komatu kulembedwako sikuletsa malonda, kumangofuna kuti dziko logula lichenjezedwe n'kuvomera kaye.

Asanapope madzi kapena kufukula milu ya zotsalira zakale, boma liyambe lajambula mapapo a amene anagwirapo ntchito, litiuze zomwe lapeza, ndipo liwalipire ndalama zawo.

Mdzukulu wa mtchona,
Zvishavane