Kwa Chikumbutso, za chitini chili pansi pa bedi

Mtunthama, Kasungu

Chikumbutso mwana wanga,

Kuno tadzuka, kupatula bondo la amayi ako lomwe likuwavutabe. Nazale ya fodya yamera bwino, tikungodikira mvula.

Mlongo wako wabwera Loweruka kuchokera ku Lilongwe ndipo wandiuza zomwe iwe wakhala ukundibisira pa foni. Akuti ndalama ija unati ndi ya feteleza wagulira makobiri akale a nthawi ya Kamuzu, adzaza chitini pansi pa bedi. Akutinso mnzako wa nsapato zosongoka uja wakuuza kuti ndi a siliva, ndipo ku Johannesburg kuli mzungu amene akuwadikira. Usiku umenewo sindinagone.

Iwe, ndalama zimenezo ine ndinazigwira usanabadwe n'komwe. Zinatuluka mu 1964, chaka cha ufulu, ndili ndi zaka khumi. Pa sikisi panali tambala, pa shilingi chimanga, pa ya mashilingi awiri njovu ndi mwana wake, ndiye panalinso yaikulu ija ya mashilingi awiri ndi sikisi. Kuseri kwa zonsezo kunali mutu wa Ngwazi. Kuyera zimayeradi ngati siliva, koma mulibe siliva ngakhale kadontho. Ndi mkuwa wosakaniza ndi zitsulo zina. Boma linasula zambirimbiri kuti tizigulira mchere, machesi ndi palafini. Chinthu chomwe mwana aliyense wa ku Kasungu ankatumidwa nacho kugolosale, lero chidule ngati ng'ombe?

Siliva weniweni ndinamuonapo kamodzi. Agogo ako atabwera kuchokera ku Salisbury, komwe lero timati Harare, anali ndi khobiri la Southern Rhodesia, la mutu wa mfumu George, la nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe. Ankaliponya pa simenti ya kutchalitchi kuti timve kulira kwake, ngwiii, osaleka msanga. Ankati kuyambira 1947 Angerezi anachotsamo siliva m'ndalama zakumeneko. Khobirilo bambo ako aang'ono anakamwera kachasu agogo atangoikidwa, mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa. Koma izo zisiye.

A siliva a dziko lathu alipo, sindikukana. Mu 1974 anasula ya K10 yokumbukira zaka khumi za ufulu, ndipo mu 1978 anatulutsa zina za nyama zakutchire. Koma zimenezo sizinayendepo pamsika, mwana wanga. Palibe anagulirapo usipa. Zinkagulitsidwa kwa anthu osunga, ndipo ambiri a ife sitinazione ndi maso. Tsono mnzakoyo akamabwera nazo zodzaza m'manja ngati mtedza, akuzitola kuti? Akamakuonetsa kuti maginito sakuzigwira, usakomedwe. Shilingi wamba wa chimanga uja nayenso maginito samugwira.

Ndipo undiyankhe ichi. Ngati mzungu wa ku Johannesburg alipodi, bwanji mnzakoyo osakwera basi yekha n'kukalemera? Akukukonda kuposa mimba yake? Munthu amene uja ndinamuona pa chinkhoswe chako. Anadya mbale ziwiri, sanafupe ngakhale tambala imodzi.

Sindikuti kusunga zakale n'kulakwa. Iwe unabadwa choncho. Uli Sitandade 3 unkadzaza matumba a kabudula ndi zitsekerero za Fanta, amayi ako pochapa ankachita kulalata. Kenako unayamba masitampa. Ine zimandisangalatsa, chifukwa ana a masiku ano sadziwa n'komwe kuti Kwacha inabwera mu 1971, kuti shilingi inasanduka 10 tambala ndipo paundi inasanduka K2. Agogo ako aakazi anamwalira akuwerengabe mashilingi, ankati za matambalazi n'zowabera. Ndili ndi shilingi imodzi ya 1964 m'sutikesi yanga yachitsulo ija, pamodzi ndi khadi la chipani. Ndikupatsa ulere. Usankhe imodzi ya mtundu uliwonse, zosafufutika, usungire Tadala kuti adzaone. Osazikwecha ndi phulusa kapena mchenga ayi, zimangowonongeka.

Koma ndalama ya feteleza, Chikumbutso! Ndalama ya feteleza! Make Tadala akudziwa zimenezi? Mlongo wako akuti mpongozi wanga wachepa thupi ndipo sakuyankhula zambiri. Mwana wa eni ake ameneyo, tinakamupempha bwinobwino kwa amalume ake ku Santhe. Usandichititse manyazi.

Usagulenso ngakhale imodzi. Mnzakoyo akabwera umuuze kuti akugule zomwe uli nazozo pa theka la mtengo womwe anakugulitsa, uone ngati abwerenso.

Pa Khirisimasi ubwere nacho chitinicho, tidzakhale pakhonde tiziponye pa simenti imodziimodzi. Matumba awiri a feteleza akufunika mwezi uno usanathe, ngakhale limodzi lokha litsogole. Amayi ako akuti usaiwale mankhwala opaka pabondo aja.

Ndine bambo ako.