Dandaulo kwa eni sitolo amene anandigulitsa lenzi ya 50mm

Kwa eni sitolo,

Ndalemba pano poyera chifukwa mauthenga anga a pa WhatsApp simukuwayankha, ndipo ndikufuna kuti ena ofuna kugula kwa inu adziwiretu nkhaniyi.

Pa tsamba lanu la Facebook munalengeza kuti lenzi ya Canon ya 50mm f/1.8 imaona ngati diso la munthu, ndiponso kuti ndi yabwino kujambulira magulu pa ukwati ndi pa chinkhoswe. Ndisanalipire ndinamuuza wogulitsa wanu kuti kamera yanga ndi Canon EOS 2000D, iye n'kunena kuti palibe vuto. Zoonadi lenziyo imalowa bwino pa kamerayo, koma vuto lilipo, ndipo aliyense wogulitsa zipangizo zojambulira ayenera kulidziwa.

Zimene munalengezazo zimagwira pa kamera ya full frame, imene sensa yake (kachipangizo ka m'kati mwa kamera kamene kamatola chithunzi) ndi 36mm mulitali ndi 24mm mulifupi. Sensa ya 2000D ndi yocheperapo, yotchedwa APS-C, pafupifupi 22.3mm ndi 14.9mm, choncho imangotola pakati pa chithunzi chimene lenzi yabweretsa, m'mbali monse n'kutayika. Focal length ya lenziyo (nambala ya mm yolembedwa pa lenzi, imene ikakula m'chithunzi mumalowa malo ochepa) sisintha, imakhalabe 50mm, koma zimene zimalowa m'chithunzi zimafanana ndi za lenzi ya 80mm pa full frame, chifukwa pa makamera a Canon otere timachulukitsa ndi 1.6. Kuti ndijambule gulu la anthu lotambalala mamita 4, ndiyenera kubwerera m'mbuyo pafupifupi mamita 9, pamene wa full frame amaima pa mamita osakwana 6. Ndi pabalaza pati, kapena ndi holo iti yodzaza mipando ndi alendo, pamene wojambula angapeze malo otere? Pa chinkhoswe chimene ndinajambula posachedwa, ankhoswe a mbali imodzi sanalowe m'chithunzi cha banja lonse, ndipo ndinachita kubwerera ku lenzi yanga yakale ya 18-55mm.

Sindikunyoza lenziyo, pojambula nkhope ya munthu mmodzi ndi yabwino kwambiri, koma si ntchito imene ndinaigulira.

Pempho langa ndi lakuti mundisinthire ndi lenzi ya EF-S 24mm f/2.8, imene pa kamera yangayi imaona ngati 38mm pa full frame, kapena mundibwezere ndalama zanga, popeza risiti ndi bokosi ndili nazo ndipo lenziyo ilibe chilema. Mukonzenso chilengezo chanu kuti chizinena mtundu wa kamera imene mukutanthauza. Mukapitiriza kukhala chete, nkhaniyi ndikaitula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula.