Lipoti la ku wekishopu ya kuwerenga, nkhani ya schema ija

A hedi, a depute ndi aphunzitsi anzanga nonse, ndabwerako bwino komwe munandituma kuja. Ndalemba pa foni ndiye musadabwe nazo zilembo zina zikasempha.

Funso lalikulu linali lomwe timadandaula tsiku ndi tsiku mu stafu rumu, loti bwanji mwana wa sitandade 5 amawerenga ndime yonse mokweza osaphonya liwu koma ukamufunsa kuti nkhaniyi ikuti chani amangokuyang'ana. Mayi amene amatiphunzitsa anayambira pa liwu loti schema ndipo anakhalapo mpaka buleki, ena kumbuyo anayamba kung'ung'udza kuti kodi tabwerera Chigiriki, koma ine ndinaona kuti sanataye nthawi.

Ndi Chigiriki ndithu, skhema, kutanthauza maonekedwe kapena kaimidwe ka chinthu, ndipo tsinde lake ndi limodzi ndi mneni woti ekhein, kugwira kapena kukhala nacho. Zikachuluka amati schemata. Agiriki ankalitchula ponena za kaimidwe ka munthu wovina, Aristotle naye ankaligwiritsa ntchito pa kasanjidwe ka mfundo pofuna kutsimikiza nkhani. Bambo wina amene ndi mkulu wampingo anaimika mkono nkuti pa 1 Akorinto 7:31 pomwe Paulo akunena kuti maonekedwe a dziko lino akupita, liwu la Chigiriki pamenepo ndi lomweli, mayi aja anavomera. Kuchoka apo linalowa mu Chilatini kenako mu Chingerezi nkukhala scheme, ndiye ndi sikimu yathu yomweyi, kaya ya mpunga ku Domasi kaya masikimu omwe a hedi amatithamangitsa nawo teremu ikamayamba. Apa holo yonse inafa nacho chiseko.

Za Immanuel Kant, katswiri wa filosofi wa ku Germany yemwe analigwiritsa ntchito mu 1781, mayi aja anangodutsapo mwachangu. A makompyuta nawo amati schema ponena za mapulani a database, monga rejisita yomwe mwajambula kale mizere ya dzina, zaka ndi mudzi koma simunalembemo mwana ndi mmodzi yemwe.

Pomwe pali phindu kwa ife ndi pa Frederic Bartlett, katswiri wa za kaganizidwe ka anthu wa ku yunivesite ya Cambridge, zomwe anasindikiza mu 1932. Iyeyu anapatsa Angerezi nthano ya anthu oyambirira a ku North America, yokamba za anyamata opita kokasaka nyama za m'madzi zotchedwa seal, mabwato ndi nkhondo ya mizimu, kenako nkumawauza kuti aibwereze patapita nthawi. Nthano ija inkafupika nkumasintha, mabwato a eni nthano anasanduka maboti, kusaka kuja ena anati kuwedza nsomba, za mizimu zomwe sankazimvetsa ena anazisiyiratu. Sikuti ankanama dala ayi, mutu unkakonza nkhani kuti igwirizane ndi zomwe munali kale, ndipo zomwe zili kale m'mutuzo ndiye schema. Jean Piaget yemwe tonse tinamuloweza ku koleji uja ankanenanso zofanana, kuti mwana chatsopano amayamba wachilowetsa mu zomwe akudziwa, zikakana mpamene amasintha kaganizidwe.

Ndiye mayi aja anatiyesa ifeyo. Anatiwerengera ndime ya Chingerezi chophweka yopanda mutu, yoti choyamba gawani zinthu m'magulu, musachite zambiri nthawi imodzi, mukamaliza mubwezeretse m'malo mwake koma posachedwa mudzayambiranso. Aphunzitsi athunthu kusowa choyankha, wina anati ndi kusanja mafayilo wina anati ndi zisankho. Atangonena kuti ndi kuchapa zovala tonse tinangoti aaa. Akuti njira imeneyi anaiyesa Bransford ndi Johnson mu 1972 ndipo omwe anauzidwa mutu asanamve ndime ndi amene anakumbukira zambiri.

Ine maganizo anga ndi oti ana athu timawalakwira pamenepa. Timawapatsa nkhani ya sitima kapena ya ku eyapoti tisanafunse nkomwe ngati anakwerapo minibasi yopita ku boma, kenako tikulemba ziro ndi bolopeni yofiira nkumati ndi mbuli. Mphindi zochepa zowafunsa zomwe akudziwa, m'Chichewa momwe, kuwaonetsa chithunzi, kuwalotetsa kuti nkhani ikhala ya chani, ndi zomwe zikusoweka. Komanso mayi aja anachenjeza kuti zomwe mwana akudziwa kale zitha kumusocheretsa ngati anthu a Bartlett aja, ndiye tizimvetsera mayankho olakwika tione komwe achokera osangoti khala pansi.

Chomwe sanandikhutitse nacho ndi cha makalasi odzadza mpaka pakhomo. Nditafunsa anangoti gwiritsani magulu, ngati kuti malo oyendamo pakati pa ana alipo.

Tinagwirizana kuti sukulu iliyonse iwonjezere mu masikimu ndi mu lesoni pulani mafunso awiri kapena atatu ofunsa ana asanatsegule buku, ndipo odzayendera azidzayang'ana zimenezo. Mapepala omwe anatigawira ndasiya ku ofesi ya a hedi, ofuna kujambula pa foni akatenge kumeneko koma abweze. Ya thiransipoti sanatipatse akuti atumiza, ndiye ya mthumba lathu ija ndibweza ikalowa. Lachisanu tikaweruka ndikupempha a sitandade 4 mpaka 6 titsalire pang'ono, aliyense abwere ndi ndime imodzi yomwe ana inawavuta teremu ino tiipangire mafunso limodzi.