Kalata kwa a Commissioner-General a ZRP, polisi ya Zimbabwe: apolisi anu ena akudwala nkhawa mwakachetechete

Bwana Commissioner-General,

Ndalemba m'Chichewa dala, Constitution ya 2013 inachiyika pa zilankhulo 16 za dziko lino, ndiye pa PGHQ, likulu lanu la polisi, pamenepo sangasowe mwana wa ku Mbare kapena ku Mabvuku woti akuwerengereni. Ine ndine mzimayi wa ku Mufakose muno mu Harare, agogo athu anachokera ku Dedza kalekale kudzasaka ntchito, ife tinabadwira konkuno. Achimwene anga ndi apolisi, zaka zapitirira khumi tsopano. Dzina lawo sinditchula, siteshoni yawonso ayi.

Achimwenewa chibadwire ndi munthu wodera nkhawa chilichonse. Tili ana, amayi akachedwa ku Mbare Musika iwo amakhala ali pageti kudikira mpaka mdima. Pali mnzawo amene analowa naye limodzi kudepoti yophunzitsira apolisi, nthawi imeneyo tinkati ku Morris, pano ndi Mkushi, ameneyo ndi wina ndithu, wanthabwala, wamawu okweza, akachoka pamalo a ngozi amatha kukakhala pansi kudya nyama yowotcha ngati palibe chachitika. Yunifomu imodzi, maphunziro amodzi, koma mitima iwiri yosiyana kutalitali.

Chaka chatha kunali ngozi ya kombi usiku cha ku msewu wa Simon Mazorodze, onse awiri anali pa shifiti. Achimwene ndi amene ananyamula kamwana kuchoka pansi pa mpando. M'mawa mwake sanapite kwawo, anabwera kwa ine, anakhala pakhonde jombo osavula, ndinawapatsa tiyi mpaka anazizirira m'manja osamwa ngakhale pang'ono. Anadzuka kukasamba m'manja pampopi, kubwerera, kudzukanso kukasambanso, katatu konse ine ndikungoyang'ana. Kuyambira pamenepo tulo kulibe, foni ikangolira amadzidzimuka ngati aponda moto, mtima umathamanga, thukuta kamukamu ngakhale mu June kukuzizira, ndipo alamu anga akuti usiku amadzuka kangapo kukagwira chitseko kuona ngati chakhomedwa, ana saloledwanso kusewera kumsewu. Anapita kukiliniki poganiza kuti ndi BP kapena matenda a mtima, anesi atawayeza anawauza kuti bambo, ichi ndi nkhawa. Anabwera atakwiya, akuti bola akanati ndi mtima.

Bwana, mawu amenewo ndi amene andilembetsa kalatayi. Munthu wamkulu kulakalaka matenda a mtima kusiyana n'kumva kuti ali ndi nkhawa!

Akatswiri a zamaganizo amati khalidwe la munthu lili ndi mbali zikuluzikulu zisanu, ndipo imodzi mwa izo ndi yoti ena amakhudzidwa msanga, zinthu zimawalowa mumtima n'kukhalitsa, ndipo anthu oterewa ndi amene nkhawa imawagwira mosavuta. Sikuti anasankha. Thupi likaona zoopsa limatulutsa adrenaline kuti uthawe kapena ulimbane, kwa wina zikatha zimazima, kwa wina zimakhala ngati mbaula yomwe waithira phulusa koma pansi makala akadali ofiira. Ndiye muwonjezerepo mashifiti a usiku osokoneza tulo, kuthamangitsana ndi amushikashika, oyendetsa matakisi opanda chilolezo m'tauni, anyamata oledzera mankhwala osokoneza bongo a mutoriro, kutukwanidwa pamsewu tsiku ndi tsiku, kenako kunyumba landilodi akufuna lendi ya madola pamene sukulu fizi sinakwane. Makala aja azima liti?

Chimene ndikufuna mumve ndi chakuti wapolisi wankhawa si wapolisi wofooka ayi. Achimwene anga ndi aja amene sitetimenti amailemba n'kuiwerenganso kuopa kulakwira munthu wosalakwa, ndi aja amene mayi womenyedwa akafika akulira amamupatsa mpando kaye asanafunse dzina. Mtima womwewo umene ukuwasowetsa tulo ndi umene umawachititsa kusamala anthu. Anthu otere mukawasiya kuti atheretu mutsala ndi ndani? Ndipo musaganize kuti mnzawo wanthabwala uja ali bwinobwino, akazi ake timapemphera limodzi, akuti botolo ndi limene likumugoneka masiku ano. Wina amanjenjemera, wina amamwa, wina amakalipira ana popanda chifukwa, wina amakalusira wavenda pamsewu, ife n'kumati apolisi ndi ankhanza osadziwa kuti munthuyo sanagone sabata yathunthu.

Bwanji sanena? Amaopa. Amaopa kusekedwa ndi anzawo kuti walowa ntchito ya amuna ndi mtima wa nkhuku, amaopa kuti zikalembedwa mufayilo pulomoshoni yapita, komanso kuno kwathu mukudziwa, ukangomveka kuti unapita ku Annex ya ku Parirenyatwa, kothandizira odwala maganizo, basi anthu akumaliza kuti wapenga, chonsecho kumeneko ndi kuchipatala ngati kwina kulikonse. Abusa a polisi alipo ndipo ndimawalemekeza, koma pali zina zomwe munthu sangaulule kwa amene mawa akumana naye pa perete.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala ena a vutoli anabadwira mu Harare momwemuno. Friendship Bench inayambira ku Mbare mu 2006 ndi a Dr Dixon Chibanda, agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa kiliniki kumvetsera munthu amene akuvutika ndi chimene anzathu Achishona amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri, amakambirana vuto limodzi limodzi mpaka munthu apeze poyambira. Kafukufuku wawo wa 2016 anasonyeza kuti anthu okhala pabenchi paja amapezadi bwino, ndipo mayiko ena anatengera. Nanga apolisi athu bwanji? Mu yunifomu sangakhale pabenchi ya pakiliniki anthu omwe anawamanga dzulo akudutsa, izo n'zoona, ndiye apangireni yawo. Apolisi opuma ntchito alipo ambiri, amayi ndi abambo oti anaonapo zonsezi, aphunzitsidwe, akhale malo oti si pasiteshoni, ndipo zokambidwa pamenepo zisafike kwa bwana aliyense kapena mufayilo, lamulo limenelo lichokere pa desiki panu kuti aliyense alikhulupirire.

Chinanso, munthu amene wanyamula mitembo usiku asamangobwerera pa geti mawa lake ngati anakagula buledi, pakhale womufunsa pakatha masiku angapo, ndiponso pakatha mwezi, kuti ukugona kodi? Ndipo kudepoti komweko, pamene mukuwayeza kutalika ndi kuthamanga, muziwadziwanso mitima yawo, osati kuti muchotse ankhawa ayi chonde, koma kuti awuzidwe msanga zizindikiro zake ndi kokapeza thandizo, komanso potumiza anthu muziona kuti uyu angachite bwino ku Victim Friendly Unit yothandiza ochitiridwa nkhanza, uyu ku Support Unit yoletsa zipolowe, uyu wakhalitsa ku ngozi za pamsewu apumeko kaye.

Lamulungu lapitali ku CCAP achimwene anatuluka pakati pa nyimbo, ndinawatsatira n'kuwapeza kuseri kwa tchalitchi atagwira khoma akupuma movutikira, kolala yonse itanyowa. Nditawagwira dzanja anati mlongo, usauze munthu. Alamu anga sindinawauze, abusa sindinawauze. Ndauza inu Bwana, chifukwa Lolemba ali pa shifiti ya usiku.

Ine,
Mlongo wa wapolisi, Mufakose