Lipoti la msonkhano wa ku Tete: ntchito zamanja za ku consulta externa

Anzanga matekiniko a zachipatala a kuno ku Angónia, moni nonse. Ndabwerako ku Tete komwe munandituma kuja, nde ndati ndilembe msanga zisanandithawe mmutu.

Nkhani yaikulu inali ya ntchito zamanja zomwe tekiniko angazame nazo ku consulta externa, zija wodwala amabwera mmawa, tamugwira, masana wakwera chapa (minibasi) wapita kwawo osagonekedwa. Otiphunzitsa anayamba ndi za ku America, kuti anzathu kumeneko amawatcha physician assistant, sukulu yake inayambira ku Duke University mu 1965, ndipo ena amasankha za khungu, kudula kanyama kokapimitsa ku labu, kuumitsa njerewere ndi nayitrojeni, ena za mafupa, kumanga gesso (pulasitala wa mafupa) ndi kubaya jakisoni mmabondo. Zabwino ndithu, koma nafenso sitikuyamba lero, Mozambique anayamba kuphunzitsa matekiniko a cirurgia (opaleshoni) mu 1984.

Ine chomwe chandigwira mtima ndi cha ana obadwa ndi mapazi opindika, njira ya Ponseti. Anatigwiritsa kaphazi kalabala aliyense, chala chachikulu umachitsamiritsa pa kafupa ka kunja kutsogolo kwa kakolo, osati pa chidendene ayi, kenako nkumatembenuzira phazi kunja pang'onopang'ono osakakamiza, nkumanga gesso mpaka mntchafu bondo litapinda. Sabata iliyonse gesso watsopano, kawirikawiri ka 5 kapena ka 6, ambiri pamafunikanso kudula pang'ono mtsempha wa kuchidendene, gesso womaliza masabata 3, kenako nsapato zija zolumikiza ndi kachitsulo, miyezi 3 usana ndi usiku, ikatha apo usiku wokha mpaka mwana afike zaka 4 kapena 5. Pa nsapatopa mpamene makolo amatopa phazi nkubwereranso mwakale, nde tekiniko wake akhale woti amadziwa kucheza ndi amayi ndi agogo omwe, osangoti manja okha. Ana amenewa timawaona mmidzimu, atakula akuyendera mmbali mwa phazi, pomwe akanathandizika ali akhanda.

Chachiwiri kuyeza zizindikiro za khansa ya khomo la chiberekero. Kupaka viniga, kudikira mphindi imodzi, pomwe payera nkuumitsa ndi gasi kapena kuwotcha ndi kamakina ka batire, mayi nkumapita tsiku lomwelo. Koma chilonda chikakhala chachikulu kapena chikukayikitsa kuti ndi khansa kale, musachigwire, tumizani.

Za mdulidwe ndi ma implante a kulera tinangodutsamo, poti ambiri mumazichita kale.

Otiphunzitsa anatsindika kuti setifiketi yokha siyikwanira, munthu aziyamba pali wamkulu womuyang'anira mpaka manja azolowere. Maganizo anga ndi oti tisamwazike, tisankhe mmodzi wa mapazi, wina wa chiberekero, tikapemphe kwa akuluakulu kuti awiriwo apatsidwe tsiku lawolawo pa sabata komanso gesso asamasowe. Amene mukufuna lembani maina pagulupu pano Loweruka lisanafike, makamaka inu a kumalo akutali ndi Ulónguè.