Bilu ya zofalitsa nkhani iyesedwe ndime ndi ndime isanafike kwa aphungu

A Mkonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa kakonzedwe ka malamulo okhudza nyuzipepala, wailesi, kanema ndi intaneti. Boma likatulutsa bilu ya mtunduwu, timauzidwa kuti onse okhudzidwa adafunsidwa ndipo biluyo ikugwirizana ndi mfundo zovomerezeka pa dziko lonse. Pempho lathu n'lakuti kugwirizanako kuzionetsedwa papepala, ndime ndi ndime, aphungu asanayambe kukambirana.

Pali ena amene amati mfundozi ndi zobwera ndi alendo. Awerenge gawo 44 la malamulo oyendetsera dziko lino. Limati ufulu wa munthu ungachepetsedwe pokhapokha kuchepetsako kutalembedwa m'lamulo, kukhale koyenera, kovomerezeka ndi mfundo za ufulu wachibadwidwe za pa dziko lonse, komanso kofunikadi m'dziko la demokalase. Choncho muyezo umene akatswiri akunja amagwiritsa ntchito ndi womwewo umene woweruza wa ku Chichiri adzayezere lamulolo wina akadzakasuma. Dziko lino lidalowa m'pangano la Africa la ufulu wachibadwidwe mu 1989, ndipo mu 1993 lidalowanso m'pangano la United Nations la ICCPR, lomwe gawo 19 lake limateteza ufulu wolankhula. Zikalata zomasulira mapanganowa zilipo ziwiri zikuluzikulu: General Comment 34 ya mu 2011, yomwe komiti ya United Nations idalemba pomasulira gawo 19 lija, ndi chikalata cha mfundo 43 chimene bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu, lomwe likulu lake lili ku Banjul, lidavomereza mu 2019. Chachiwirichi adalemba ndi Aafirika anzathu.

Tidaona kale zimene zimachitika tikanyalanyaza muyezowu. Mu 2011 gawo 46 la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, lidasinthidwa kuti nduna izitha kuletsa chofalitsidwa chilichonse imene yachiona kuti sichikomera anthu. Anthu adachenjeza, koma lidasainidwa, ndipo Nyumba ya Malamulo yomweyo idadzalichotsa mu 2012. Milandu yoti munthu wautsa mtima woukira boma idachotsedwa mu 2022. Gawo 200, lomwe linkati kuipitsa mbiri ya munthu ndi mlandu wopita nawo kundende, lidagwa mu July 2025 pa mlandu wa a Joshua Chisa Mbele, pomwe khoti la Africa lidaweruza kale mu December 2014, pa mlandu wa mtolankhani Lohé Issa Konaté wa ku Burkina Faso, kuti ndende si chilango choyenera pa nkhani zotere. Zaka zoposa khumi zidadutsa pakatipo, gawolo likugwirabe ntchito.

Cholakwika chimabisala m'mawu, ndipo apa m'pofunika kudekha. Taonani gawo 87 la Electronic Transactions and Cyber Security Act ya mu 2016. Limalanga munthu amene mwadala komanso mobwerezabwereza wagwiritsa ntchito foni kapena intaneti posokoneza mtendere, bata kapena chinsinsi cha wina popanda cholinga chovomerezeka, ndipo chilango chake ndi K1 miliyoni komanso miyezi 12 kundende. Olemba lamuloli ankaganiza za munthu wovutitsa mnzake usiku ndi mauthenga. Koma taganizani za mtolankhani amene ali ndi chikalata choonetsa kuti ndalama za boma zasowa. Waimbira mkulu wina kanayi, watumiza mauthenga awiri pa WhatsApp kuti amve mbali yake, monga ntchito imafunira. Mkuluyo akapita kupolisi kukanena kuti bata lake lasokonezedwa, ndani aone ngati cholinga chinali chovomerezeka? Ndi wapolisi wa pa kauntala, Lachisanu madzulo, ndipo khoti lidzaona nkhaniyo munthu atagona kale m'chitokosi. General Comment 34 imati lamulo lilembedwe momveka kuti munthu adziwe chimene chaletsedwa, ndipo lisapereke kwa wolikhazikitsa mphamvu zopanda malire. Kukonza ndime yotereyi sikovuta: atchule choipa chenichenicho, monga kuopseza kuvulaza kapena kufalitsa zithunzi zamaliseche za munthu popanda chilolezo chake, ndipo alembe poyera kuti kufunsa ndi kufalitsa nkhani yokomera anthu sikukhudzidwa.

Chimodzimodzi ndi nkhani zabodza. Mfundo 22 ya chikalata cha mu 2019 imauza maiko kuti achotse malamulo amene amati kufalitsa nkhani zabodza kapena kunyoza atsogoleri ndi mlandu wa polisi. Ife tili ndi gawo 60 la Penal Code, la nkhani zabodza zodzetsa mantha. Bilu yatsopano ikabwera ndi ndime yonga imeneyo koma yovala dzina lina, ndiye kuti tabweza kudzera pazenera chimene tikuyenera kutulutsa pakhomo.

Sitikunena kuti intaneti isiyidwe yopanda lamulo. Amayi akuchititsidwa manyazi pa Facebook, anthu akuberedwa ndalama za pafoni ndi akathyali onamizira kuti atumiza ndalama molakwitsa, ndipo onsewa ayenera kutetezedwa. N'chifukwa chake ndime ziyenera kulunjika pa wakubayo ndi wovutitsayo, kuti apolisi athere mphamvu zawo pamenepo.

Nkhani ina ndi ya amene agwire chikwapu. Mfundo 17 imati bungwe loyang'anira mawailesi ndi kanema likhale loima palokha, ndipo mamembala ake asankhidwe poyera, mbali zokhudzidwa zitatengapo gawo. Pansi pa Communications Act ya mu 2016, bodi ya MACRA, bungwe lomwe limagwira ntchito imeneyi kuno, imasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, ndipo ya MBC ndi chimodzimodzi. Kulemba mawu oti bungweli ndi loima palokha m'ndime yoyamba sikukwanira. Bilu inene kuti mipando idzalengezedwa m'nyuzipepala, mayina adzasefedwa ndi gulu lomwe muli atolankhani, maloya ndi mabungwe omwe si aboma, mafunso adzachitika poyera, nthawi yokhala pampando ndi yakutiyakuti, ndipo zifukwa zochotsera membala ndi izi zokha. Popanda zimenezi, zimene tidaona mu June 2019 zidzabwereranso: mapulogalamu oimba foni adaimitsidwa pa mawailesi onse nthawi imodzi, chisankho chitangotha, mpaka eni mawailesi adakapeza thandizo ku bwalo lalikulu la milandu.

Zilango nazo zikhale ndi makwerero. Choyamba chenjezo lolembedwa, kenako mwayi woti wailesi imvedwe, ndiyeno chindapusa cholingana ndi kukula kwa wailesiyo, kuimitsidwa kwa masiku owerengeka, ndipo kulanda chiphaso kukhale kotsiriza, kokhala ndi mwayi wa apilo kukhoti wailesi isanatsekedwe. Palinso njira ina yotsekera wailesi popanda kutchula nkhani imene idaulutsa, ndiyo msonkho wa chiphaso. Mu 2022 mawailesi ndi makanema angapo adalandidwa ziphaso kaamba ka ngongole, pomwe msonkhowo unkawerengeredwa m'madola. Kwacha idatsitsidwa mphamvu mu May 2022, ndipo mu November 2023 idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola imodzi. Apa ndiye kuti pa dola iliyonse ya ngongole padawonjezeka K520 tsiku limodzi, chonsecho wailesi ya m'dera imapeza ndalama zake m'makwacha, kuchokera ku mauthenga a maliro, a ukwati ndi malonda a ogulitsa mbewu. Lamulo linene kuti msonkho ndi wa m'makwacha, ndipo wa mawailesi a m'madera ukhale wotsika.

Za kulembetsa atolankhani n'zosachita kutalikitsa. General Comment 34 idanena mosapsatira kuti boma lisamapereke ziphaso zoti munthu akhale mtolankhani. Madandaulo a owerenga apite ku Media Council of Malawi, ndipo mfundo 16 imalimbikitsa kudziyang'anira kotereku. Chimene chikusowa kwambiri ndi ndime yoteteza wotsina khutu mtolankhani. Mu April 2022 a Gregory Gondwe a Platform for Investigative Journalism adasungidwa ndi apolisi muno mu Blantyre, nafunsidwa kuti aulule amene adawapatsa chikalata cha boma, ndipo foni ndi kompyuta zawo zidatengedwa. Mfundo 25 imati mtolankhani angaumirizidwe kuulula pokhapokha khoti litalamula mbali zonse zitamvedwa, pa mlandu waukulu, ndipo palibe njira ina yopezera umboniwo. Ndime yathu itchulenso foni, kompyuta ndi mauthenga, chifukwa masiku ano dzina la wotsina khutu silikhala m'kabuku ka m'thumba. Wolanda foni safunikanso kufunsa.

Nanga kuyesako kuchitike bwanji? Misonkhano yofunsa maganizo imene tidazolowera siyokwanira. Anthu amaitanidwa ku hotela, bilu yamasamba ambirimbiri imagawidwa pakhomo m'mawa womwewo, wina amaonetsa mitu yake pakhoma, pofika nkhomaliro aliyense wasaina pepala la obwera, ndipo pepalalo ndi limene limadzakhala umboni woti adafunsidwa. Chonona chifumira kudzira: bilu itumizidwe kwa akatswiri idakali m'manja mwa olemba ku Unduna wa Zachilungamo, nduna zisanaivomereze. Bungwe la ku Banjul lija lili ndi nthumwi yapadera yoona za ufulu wolankhula, UNESCO ilipo, kuno kwathu kuli Malawi Law Commission, Malawi Human Rights Commission, MISA Malawi ndi Malawi Law Society. Ndemanga zawo zikabwera, unduna utulutse tebulo la mizati inayi: ndime ya bilu, mfundo imene ikuyesedwa nayo, zimene akatswiri alangiza, ndi chimene boma lachita pamodzi ndi chifukwa chake. Boma lili ndi ufulu wokana uphungu wina, koma likane polemba, kuti phungu ndi woweruza adzaone maganizo ake. Tebuloli lituluke limodzi ndi bilu, chidule chake chikhalenso m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndipo masiku 28 amene bilu imayenera kukhala poyera isanawerengedwe koyamba asadumphidwe.

Komiti ya aphungu yoona za zofalitsa nkhani iyang'anitsitsenso masamba otsiriza, omwe ambiri amafikapo atatopa. Pamenepo m'pamene pamakhala ndime yopatsa nduna mphamvu yolemba malamulo ang'onoang'ono, ndipo chimene chachotsedwa m'bilu chikhoza kubwerera kudzera m'menemo ngati malire ake sadalembedwe. Ndime ya tsiku loyambira kugwira ntchito nayo njofunika. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga wa boma lidadutsa m'Nyumba ya Malamulo mu December 2016, lidasainidwa mu February 2017, koma lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, chifukwa tsikulo adalisiya m'manja mwa nduna. Bilu ya zofalitsa nkhani ilembe yokha kuchuluka kwa masiku, ndipo akakwana lamulo liyambe, nduna italengeza kapena ayi.

Ndife owerenga anu,
Otsatira nkhani za malamulo ndi utolankhani,
Blantyre